Wakisi wa Pakhomo Pathu

Ndinabadwira pa pulazi la fodya cha kufupi ndi Darwendale, ndipo ndinakwatiwa m'komboni momwemo. Bambo anga anachoka ku Dedza akadali mnyamata kudzafuna ntchito kuno, ndipo sanabwererenso. Anagona m'manda a kuseri kwa mabalani ootchera fodya. Amuna anga makolo awo anali a ku Tete. Ankayendetsa thirakitala, ndipo popeza anali wantchito wolembedwa, tinapatsidwa nyumba ya njerwa ya zipinda ziwiri. Mayi anga atatsala okha tinawatenga kuti azikhala nafe. Ine sindinalembedwepo ntchito. Ndinali mmodzi wa amayi oitanidwa ntchito ikachuluka n'kuuzidwa kuti tikapume ikachepa: kubzala, kupalira, kuthyola fodya, kenako miyezi ya m'shedi yosankhira masamba, momwe fumbi limakhala pakhosi mpaka mvula idzagwe.

Maluwa anabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Anali maganizo a madamu, mkazi wa mwini pulazi. Kuseri kwa damu kunali kamtunda ka mchenga woyera pomwe fodya ankakana, ndiye iye anati pabzalidwe zitsamba zomwe maluwa ake azikagulitsidwa kunja pa ndege. Kapitawo anasankha amayi angapo. Ine anandisankha chifukwa ndinali ndi pakati pa mwana wachiwiri, ndipo aliyense ankaganiza kuti ntchito ya maluwa ndi yopepuka. Nanenso ndinkaganiza choncho.

Mbande zinabwera pa lole m'timachubu takuda. Tinaziyang'ana n'kuseka. Zinkaoneka ngati timitengo ta paini, masamba ake ngati singano, popanda chosonyeza kuti pangadzatuluke duwa. Mayi wina anati azungu atopa ndi fodya, tsopano akufuna azigulitsa matsache. Madamu anatchula dzina lake lalitali la m'mabuku koma palibe amene analigwira. Dzina lomwe linakhala ndi lalifupi lomwe iyenso ankaligwiritsa ntchito: wakisi.

Tsiku lobzala anatiuza m'Chishona chake chothyokathyoka kuti chitsambachi si paini ayi, ndi m'bale wa bulugamu ndi gwafa, ndipo kwawo ndi kudziko louma, lamchenga, kutsidya kwa nyanja. Nditakanena zimenezi kunyumba, mayi anga anafunsa kuti ubale wake uli pati, poti gwafa timadya, bulugamu timaotchera fodya, koma ichi chilibe chipatso kapena nkhuni. Mawa lake amuna anga anabwera ndi masamba a mitengo yonse itatu m'thumba la ovolosi, n'kuwafinya limodzi ndi limodzi pamphuno pa apongozi awo. Lililonse linali ndi kafungo ka mafuta kolowa m'mphuno. La wakisi linkanunkhira ngati ndimu. Mayi ananunkhiza kawiri, n'kunena kuti chabwino, mwina ndi apachibale a kuchimuna.

Umu ndi momwe ndinaphunzirira kumudziwa, ndipo mpaka lero sindingamusokoneze ndi china. Singano zake ndi zofewa, sizibaya, ndipo zimamera ziwiriziwiri moyang'anizana pa kanthambi. Kunsonga kwa iliyonse kuli kambedza kakang'ono komwe kamakola juzi ukamadutsa pakati pa mizere. Asanamasule, maluwa ake amakhala timikanda tozungulira, tonyezimira. Akamasula, duwa lililonse limakhala laling'ono ngati chikhadabo, timasamba take tisanu, tolimba ngati anatiumba ndi kandulo, ndipo pakati pali kakapu komwe mumakhala dontho la timadzi tokoma. Tinali ndi woyera, wapinki ndi wina wofiirira. Nthawi yopanda maluwa tinkawasiyanitsa ndi nsonga za nthambi: wofiirirayo nsonga zake zimaderako, woyerayo zimakhala zobiriwira mopepuka.

Kupepuka kwa ntchitoyo kunatha zitsamba zitakula. Wakisi amachita maluwa m'nyengo yozizira, ndipo amafunika kudulidwa dzuwa lisanatenthe. Tinkalowa m'mizere mame akadali ngati madzi oundana, sizasi m'manja, ndowa pambali. Zala zinkafa mpaka sumva kuti wagwira nthambi kapena chala chako. Aliyense anali ndi mugwazo wake, ndiye kuti ndowa zomwe ayenera kudzaza tsikulo. Tikamaliza kumunda tinkapita m'shedi kukaima pa simenti: kuyeza nthambi iliyonse pa kandodo, kupulula masamba a m'munsi, kumanga mitolo, kuviika m'mankhwala, kunyamulira m'chipinda chozizira. Ukangougwira mwaukali mtolo, maluwa amayoyoka ngati mpunga, ndipo wotero unkabwezedwa. Lole ya ku bwalo la ndege ku Harare sinkadikira munthu. Ndinkabwerera kunyumba msana ukuyaka, miyendo itatupa, manja akununkha ndimu ngakhale nditawasamba ndi sopo. Fungo lomwe linatisangalatsa poyamba lija linadzanditopetsa. Mpaka pano sindimwa tiyi wothira ndimu.

Amene anamukonda wakisi anali amuna anga. Iwo ankabwera ndi ngolo ya thirakitala kudzanyamula ndowa, ndipo ankatola nthambi yogwa n'kuisomeka pafupi ndi chiwongolero. Anzawo ankawaseka kuti akupita ku ukwati. Tsiku lina tikudya anati kwa ine, "Amayi, chaka chonse mumasamalira zinthu zokongola za anthu ena, koma pakhomo pathu pali fumbi lokha ndi mpapaya wothyoka." Ndinawayankha kuti ine maluwawo ndimawaona mokwanira masana. Sanatsutse, koma sanasiyenso.

Tikamaliza kukolola tinkadulira zitsamba zonse, ndipo nthambi zodulidwazo zinkaunjikidwa n'kuotchedwa. Amuna anga anapempha kapitawo kuti atengeko, iye anati tengani, ndi zinyalala. Anazisomeka pakhomo ngati mmene timabzalira chinangwa, anathira manyowa a nkhuku, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo. Zonse zinada n'kuuma. Chaka chotsatira anayesanso, anawonjezera madzi, zinafanso. Mayi anga, omwe ankakhala pakhonde tsiku lonse, ankawauza ana kuti bambo awo akuthirira nkhuni.

Madamu anamva nkhaniyi kwa kapitawo ndipo anandiitana m'shedi. Ndinkaganiza kuti akufuna kutiletsa. M'malo mwake anandiuza kuti tikumupha ndi chifundo. Anati titenge nsonga zanthete, zazifupi ngati chala, tizisomeke mu mchenga wa kumtsinje wopanda manyowa, pamthunzi, ndipo madzi tizingowaza pang'ono. Anandipatsa kaufa koyera m'bokosi la machesi kuti tiziviikamo kumunsi kwa nsonga iliyonse. Anachenjeza kuti ngakhale titatero zambiri zidzafa, chifukwa ngakhale kwa iye zimatero.

Amuna anga anatolera zitini za jamu ndi za nyemba m'komboni monse, anaziboola kunsi ndi msomali, n'kuzindandalika kuseri kwa nyumba pansi pa kadenga ka udzu. Zinafa monga ananenera madamu, chimodzi pambuyo pa chinzake. Chimodzi chokha chinakhalabe chobiriwira, ndipo patapita miyezi chinatulutsa kansonga katsopano. Loweruka lina atamaliza ntchito anabwera ndi mchenga pa ngolo, anaumba kachulu pafupi ndi khomo, n'kumubzala pamwamba pake kuti madzi asamaime m'mizu. Anazunguliza minga chifukwa cha mbuzi ndi ana.

Kenako kunabwera chilala chachikulu chija cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Timinda tathu ta chimanga ta kumapeto kwa pulazi tinapsa chimanga chisanafike m'chiuno. Damu linasanduka matope ong'ambika. Tinkadya sadza, nsima ya kuno, ya ufa wachikasu womwe anthu ankautcha kenya, wonunkha thumba, ndipo pa mpopi umodzi wa m'komboni pankakhala mzere wa ndowa kuyambira mbandakucha. Madzi osambira tinkachapira, ochapira tinkathirira ndiwo, ndipo ndiwozo zinkafabe. Munda wa madamu unkamwa madzi a pansi, odontha m'timapaipi takuda. Tinkadutsa pambali pake ndi ndowa zopanda kanthu, timapaipito tikudontha. Patapita nthawi, amayi titadandaula kwambiri, madamu analola kuti tizitunga pa paipi ya kumaluwa tikaweruka. Unali ulendo wautali ndi ndowa pamutu pambuyo pa tsiku lonse loimirira, koma tinkapita.

Wakisi wa pakhomo pathu sanalandire ngakhale kapu imodzi chaka chimenecho, ndipo ndi chaka chomwe anachita maluwa koyamba. Anali wapinki. Komboni yonse inali yotuwa, nkhuku zikuyasamula, ana ali mbuu, ndiye pakhomo pathu pali chitsamba chodzaza maluwa ndi njuchi. Ena ankaima n'kuyamikira. Mayi wina wa nyumba yoyandikana anandifunsa ngati tikumuthirira mobisa pomwe anthu akusowa akumwa. Ndinamuuza kuti apise dzanja mu mchengawo. Anapisa, anapeza pouma, koma sanandilankhule bwino mpaka mvula inagwa. Amuna anga ankangokhala pa mpando wawo madzulo n'kumayang'ana. Sindikumbukira kuti ananenapo zodzitama.

Anayamba kudwala patapita zaka zingapo. Chinayamba ndi chifuwa chosamva mankhwala, kenako kutsegula m'mimba, kenako thalauza linayamba kufuna chingwe. M'zaka zimenezo matenda otere anali m'nyumba zambiri za m'komboni, ndipo palibe ankawatchula dzina. Tinkangoti akudwala nthawi yaitali. Ku kiliniki anawapatsa mapiritsi n'kutiuza kuti azidya bwino. Atalephera kukwera thirakitala anawaika pa geti kuti azitsegulira magalimoto. Atalepheranso zimenezo anakhala kunyumba. Abale awo a pa pulazi lina anabwera n'kunena kuti wina wa kuntchito wawachita chipongwe chifukwa cha thirakitala, ndipo anawatengera kwa mneneri wina wa zovala zoyera. Ine sindinakhulupirire, koma ndinalibe mphamvu zokangana. Anabwerako ndi botolo la madzi ndi timiyala, ali ofooka kuposa mmene anapitira.

Nyengo yozizira yomaliza ndimaikumbukira ngati tsiku limodzi lalitali. Ndinkadzuka kukadali mdima kuphika phala, ndinkapita kukadula maluwa, nthawi yopuma masana ndinkathamangira kunyumba kukawasambitsa ndi kusintha zogonera, n'kubwerera m'shedi ndisanadye. Madzulo kuchapa. Mayi anga, ndi maondo awo otupa, ankawamwetsa madzi ndi kuthamangitsa ntchentche. Kale ankachitirana manyazi monga mkamwini ndi apongozi, osayang'anizana kumaso, koma matenda anathetsa zonsezo. Tsiku lina kapitawo anandipeza nditagona chiimire, mutu nditatsamira pa tebulo, mtolo uli m'manja. Sanakalipe. Anangoutenga mtolowo n'kuupatsa wina.

Dzuwa likatuluka, mayi ndi mwana wathu wamkulu, mtsikana, ankawatulutsa amuna anga n'kuwakhazika pa mphasa pafupi ndi chitsamba chija, chomwe tsopano chinali chitafika pa denga. Ankakonda kuthothola singano n'kumazifinya m'zala. Ankati fungolo limachepetsa mseru. Lamlungu lina titabwera kutchalitchi ndinakhala nawo pamenepo, ndipo anandifunsa mosazungulira.

"Akadzafuna nyumbayi, mudzapita kuti?"

Ndinawauza kuti asalankhule zotero. Anati nyumba ndi ya thirakitala, si yathu, ndipo onse awiri tikudziwa. Ndiye ndinati mwina ku Mutorashanga, kwa achimwene anga omwe ankakumba miyala yotchedwa kuromu kumeneko. Anagwedeza mutu kuvomera. Kenako anati, "Uyu musadzavutike kumuzula. Mizu yake sifuna kugwidwa. Mudzangotenga nsonga."

Anamwalira mvula ili pakati. Tinawaika m'manda omwewo a kuseri kwa mabalani, pafupi ndi bambo anga, dzenje likudzaza madzi anthu akukumba. Sinali nyengo ya wakisi, choncho panalibe duwa lake ngakhale limodzi. Amayi a mumpingo anathyola maluwa ena a m'mphepete mwa msewu. Mwana wanga wamkazi anadula nthambi yobiriwira pakhomo n'kukaiika pamtumbira, ndipo abale a ku Tete anafunsana kuti paini akutanthauza chiyani pa maliro.

Mvula ya chaka chimenecho sinadziwe kuleka. Inagwa masabata otsatizana, mpaka ngakhale kamtunda ka mchenga kaja kanayamba kutuluka madzi. Nditabwerera kuntchito pambuyo pa maliro ndinapeza mizere yayamba kusintha. Chitsamba chinkachita chikasu mbali imodzi, kenako chonse chinkafiira ngati chawauka ndi moto, singano zikadali pomwepo. Ukachikoka chinkazuka mosavuta, mizu yakuda, yonunkha chivundi. Matendawo ankayenda ndi madzi kuchoka pa chitsamba china kupita pa chinzake. Madamu anathira mankhwala, anakumbitsa ngalande, koma sizinathandize kwenikweni. Mugwazo wathu unasanduka kuzula zomwe tinabzala tokha ndi kuziunjika kuti zidzaotchedwe zikauma. Ndinkagwira ntchitoyo osamva kanthu. Amayi anzanga ankadandaula kuti nyengo yozizira ikubwerayi tidzadula chiyani, ine ndinkangofuna kuti tsiku lithe ndikagone.

Dalaivala watsopano anali atalembedwa kale, ndipo ankagona m'chipinda cha anyamata osakwatira podikira nyumba. Kapitawo anabwera madzulo ena, anakhala pakhonde, anayamba ndi kupepesa maliro kachiwiri, ndiye ndinadziwa chomwe wabwerera. Anati madamu anatilankhulira kwa mwamuna wake kuti tikhale mpaka ana atsekere sukulu. Anandiuzanso kuti munda wa wakisi sadzaubzalanso wonse, ndipo amayi ochepa okha ndi amene adzafunike. Ndikanatha kupempha kanyumba ka udzu kumapeto kwa komboni n'kubwerera ku fodya. Ndinaganiza za fumbi la m'shedi, za mayi anga ndi ana, ndipo ndinatumiza uthenga kwa achimwene.

Mayi anga ndiwo anavuta. Anati sangasiye amuna awo ndi mkamwini wawo m'manda opanda wowapalira. Anati anachoka kale kwawo kamodzi, sangachokenso kachiwiri ali nkhalamba. Ndinangoyamba kumanga katundu, ndipo tsiku lachitatu ndinawapeza akupinda okha nsalu zawo.

Wakisi wa pakhomo anapulumuka mvula ija chifukwa cha kachulu kake. Mkazi wa dalaivala watsopano anabwera kudzaona nyumba tisanachoke. Anali mtsikana wa Chishona wochokera cha ku Guruve, wamanyazi, ndipo ankaoneka kuti zikumuvuta kuyang'ana zipinda momwe mukadali katundu wa namfedwa. Kuti ndimumasule ndinamutengera panja. Anafunsa ngati kapainiko kamabala kanthu. Ndinathothola singano, ndinamufinyira m'dzanja, ndipo ananunkhiza n'kuseka. Ndinamuonetsa kambedza ka kunsonga ndi timikanda tomwe tinali titayamba kutuluka. Ndinamuuza kuti asamathirepo madzi otsukira mbale, asaikepo manyowa, ndipo maluwa akatha azidula nsonga zokha, osafika pa mtengo wokhwima. Anati wamva.

Tinakwera lole yopita ku Mutorashanga ndi mabedi, mapoto ndi nkhuku ziwiri. Nsonga za wakisi ndinazikulunga m'nsalu yonyowa n'kuziika m'ndowa. Achimwene anatipatsa chipinda chimodzi cha malata m'munsi mwa phiri. Ndinasomeka nsongazo m'zitini monga ankachitira amuna anga, koma kaufa koyera kaja kanali katatha kalekale, mchenga wabwino kunalibe pafupi, ndipo ine ndinali nditayamba ntchito yosankha miyala ya kuromu pa milu ya okumba, kuchoka m'mawa kubwera dzuwa litalowa. Zinauma zonse. Sindinayesenso.

Ndinabwererako ku pulazi kamodzi, zaka za m'ma 1990 zili pafupi kutha. Mayi anali atandiumiriza kwa miyezi kuti ndikapalire manda, ndipo iwo sakanathanso kukwera basi. Ndinabwereka khasu m'komboni, ndinapalira mitumbira yonse iwiri, ndinakonza miyala yomwe inagumuka. Pobwerera ndinadutsa pa nyumba ija. Mtsikana wa ku Guruve uja tsopano anali ndi ana awiri. Chitsamba chinali chitakula mpaka kutseka pomwe ankayanika zovala, ndiye mwamuna wake anachidula ndi chikwanje mbali imodzi kufika pa thunthu. Mbali yodulidwayo sinaphukenso, inayo inali yobiriwira. Anayamba kupepesa, ndinamuuza kuti palibe mlandu, pakhomo ndi pake.

Anandipangira tiyi ndipo tinakhala pakhonde. Anandiuza za omwe anamwalira ndi omwe anasamuka, kuti kamtunda ka mchenga kaja tsopano ndi kodyetsera ng'ombe, ndiponso kuti sukulu ya pa pulazi yapeza mphunzitsi wachiwiri. Anafunsa za ana anga, ndinamuuza kuti wamkulu akusoka zovala ndipo wamng'ono akadali pasukulu. Dzuwa litapendeka anandiperekeza mpaka pa geti, mwana ali kumbuyo. Ndinayenda ndekha kukafika pa msewu waukulu, ndinakhala pa chikwama changa, ndipo ndinavula nsapato podikira basi chifukwa mapazi anali atatupa.